Chilimwe Chimene Anyamata Anagwadira Amalume

Pakhomo la nyumba yathu ku Joondalup, mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja kuno, panali nsapato ziwiri zimene aliyense ankazilambalala. Zinali za amalume: zikuluzikulu, zachitsulo kumphuno, zingwe zake zachikasu, ndipo m'mizere ya kunsi kwake munali mutamatirira fumbi lofiira la kumigodi ya kumpoto. Amayi akamasesa ankazinyamula, n'kusesa pansi pake, n'kuzibwezera pomwepo, mphuno zitaloza kunja ngati mwini wake atuluka posachedwapa. Koma mwini wake sankatuluka. Chuma cha migodi chija chinakokera anthu kuno chinali chitazilala, makampani akuchotsa antchito ngati akupeta gaga, ndipo amalume, amene kale ankapita kuntchito pa ndege, anabwerako ulendo womaliza ndi chikwama chimodzi n'kudzakhala pa sofa yathu. Makatani otseka, tivi ikulankhula yokha, iwo ali duu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo nsapatozo ndinkangoziona ngati malo abwino obisamo zinthu. Tsiku lina ndinaikamo mitu ya nsomba kuti ndimve mmene amalume amakalipira. Sanakalipe. Anakakhuthula m'bini, n'kubwerera pa sofa. Zinandibowa kwambiri, chifukwa chipongwe chopanda wokuwa sichikoma.

Ndinene kusanade kuti sindikulemba izi kuti ndilape. Amene mukufuna kumva kulapa dikirani Lamlungu. Ndine amene ndinathira mchere m'chitini cha shuga tsiku limene amayi a kumpingo ankalandira alendo, ndipo mpaka lero ndimawapatsa ulemu mayi busa aja, amene anamwa kapu yonse ya tiyi akumwetulira, misozi ili mbwee, kuopa kuchititsa manyazi eni nyumba. Ndinenso amene ndinalengeza pa intaneti kuti galimoto ya mkulu wa sukulu yathu ikugulitsidwa motchipa chifukwa mwini wake akusamuka mwadzidzidzi. Foni yake inalira kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Zimenezi ndi zimene zinawafikitsa amayi pakhosi.

Mawu akuti “iwe ukupita ku Malawi” ndinali nditawamva kambirimbiri, monga mwana aliyense wa Chimalawi wokulira kuno. Timawazolowera ngati kulira kwa firiji. Koma ulendo uno amayi anabwera kuchokera ku chipatala kumene ankagwira unesi, anakhala pansi osavula n'komwe yunifolomu, n'kundionetsa chithunzi pa foni. Linali bokosi lachitsulo lakuda, lija amapita nalo ana a sukulu zogonera komweko, ndipo pamwamba pake panali dzina langa lolembedwa ndi penti yoyera, chilembo chimodzi chitadontha. Amayi aang'ono ku Lilongwe anali atagula kale. Malo kusukulu anali atapezeka kale.

Ku Malawi ndinachokako ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwa ine kunali kwa anthu a m'zithunzi ndi maliro omvera pa foni. Anzanga, nyanja, sitima yopita m'tauni, zonse zinali kuno. Chichewa ndinkamva chonse, ngakhale miseche, koma ndinkayankha m'Chingerezi cha m'mphuno chija chimene amayi ankati chimamveka ngati bakha wachimfine.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume. Choncho amayi, ngakhale anali ndi mphamvu zonse m'nyumbamo, pa nkhani yaikulu ngati iyi anati, “Anene ndi achimwene.” Achimwenewo anangoyang'ana tivi.

Amene analowererapo anali aphunzitsi athu a zaukalipentala, mzungu wamtali wa khosi lopsa ndi dzuwa, chala chimodzi chachifupi chifukwa cha sowo. Pa tchuthi cha Khirisimasi ankatenga anyamata kupita nawo ku kampu kumapiri, kukagona komweko sabata yathunthu, ndipo ankafuna akuluakulu othandiza kukhitchini. Anauza amayi kuti andilole ndipite. Amayi anavomera, koma anaikapo zawo: amalume apite nawo, akaphike, maso ali pa ine. Pobwerako, chimene akanene amalume ndi chomwecho. Akati akhale, ndikhala. Akati apite, bokosi lija likundidikira.

Makolo a kuno amene mumandiimitsa pa tchalitchi n'kumandifunsa ngati kuli bwino kutumiza mnyamata ku kampu, chinthu choyamba ndi ichi: pepala lija amakupatsani la zonyamula, liwerengeni, ndipo mulikhulupirire. Amayi analiwerenga n'kuona kuti azunguwo sadziwa kulera. Pamene panalembedwa chikwama chogonamo chopepuka, iwo anandimangira bulangeti lathu la chithunzi cha kambuku, lija lolemera ngati mwana wa ng'ombe, chifukwa kutchire kumazizira. Munali mu Januwale, chilimwe cha kuno, dzuwa likuswa mtengo. Anaikamonso malaya oyera ndi tayi, kuchitira kuti mwina kukakhala mapemphero. Ndiye pamwamba pa zonse anaikapo botolo la mtedza wokazinga, chifukwa mwana sanyamuka ulendo wopanda kamba.

Mtedzawo sunakwere basi. Aphunzitsi anaulandira ndi ulemu wonse, n'kufotokoza kuti pagululo pali mnyamata amene akangoukhudza khosi limatupa mpaka kulephera kupuma. Amayi anagwira pakamwa. Zimenezi ankazidziwa bwino, ankakumana nazo kuchipatala, koma amene anamanga katundu wanga sanali nesi, anali mayi wa ku Dedza. Kenako mafoni athu onse analowa m'bokosi, ndipo apa amayi anatsala pang'ono kunditsitsa.

“Nanga akadwala ndimva bwanji?”

Aphunzitsi anati adzaimba ndi iwo, ndipo ngati amayi sakumva kanthu adziwe kuti mwana akudya, akuda, akusangalala. Amayi sanakhutire, koma anandisiya. Anandipaka mafuta oteteza ku dzuwa pamaso pa anyamata onse, ine ndikukana kuti khungu lakuda silipsa. Limapsa, makolo. Funsani makutu anga.

Amalume anakhala mpando wakutsogolo, chipewa chili pamaso. Kuti aloledwe kugwira ntchito pakati pa ana anafunika khadi losonyeza kuti mbiri yawo yafufuzidwa, ndipo amayi ndi amene anayendera zonsezo, kuwadzutsa pa sofa, kuwasitira malaya, kuwaperekeza kukajambulitsa. M'mawa umenewo, potuluka m'nyumba, ndinaona pakhomo pali malo oyera mbee pamene pankakhala nsapato zija. Ndinawaponda dala n'kudutsa.

Kampuyo inali pakati pa mitengo ya bulugamu, ndipo dzuwa likakwera tchire lonse linkanunkhira ngati mankhwala a chimfine. Nyenje zinkalira mpaka m'mano. Ntchentche za kumeneko sizifuna chakudya, zimafuna maso a munthu. M'mawa tinkadzutsidwa ndi mbalame zina za kuno zimene zimaseka ngati anthu oledzera, ndipo madzulo a kangaru ankatulukira pabwalo la mpira n'kumationerera ngati tabwera kudzawabwereka malo. Tinkagona m'tinyumba tamatabwa, mabedi osanjikizana, akuluakulu m'kanyumba kawo. Moto sunkaloledwa ngakhale wa machesi, chifukwa udzu unali gwaa, wongodikira kamoto kamodzi kuti phiri lonse lipite.

Aphunzitsi aja ndinawaona bwino kumeneko, ndipo mpaka lero sindinaonenso munthu wodziwa anyamata ngati iwo. Sankakuwa. Ankaimba wezulo kamodzi, n'kuima, n'kudikira, mpaka wolongolola womaliza achite manyazi yekha. Tisanasunthe kupita kulikonse ankatiwerenga mitu, tikafika ankatiwerenganso, ndipo wopanda chipewa ndi botolo la madzi ankabwerera. Tsiku lofika anandiitanira pakhonde, pamene aliyense ankationa, chifukwa kumeneko wamkulu sakhala kwayekha ndi mwana. Anati nthabwala zanga amazidziwa, zina amaseka nazo akafika kwawo, koma pali malo atatu amene safuna kuzipezako: pamadzi, pa moto, ndi pa nkhani ya njoka. Kwina konseko tidzaonana. Ndinawalemekeza kuyambira pomwepo. Munthu amene wakuuza poyera pamene pali mpanda wakupatsanso bwalo lonse lotsalalo.

Amalume anali kukhitchini, epuloni m'chiuno, akugawa chakudya mutu uli pansi. Anyamata ankadutsa pamzere, kutambasula mbale ndi dzanja limodzi, ena lamanzere, maso ali kwina, n'kuwatchula “mnzanga” monga amachitira kuno, ngati anabadwa nawo tsiku limodzi. Amalume ankangoti dzira pha, nyemba pha, wotsatira.

Panali mnyamata wina wa tsitsi lofiira amene ankagona bedi la pamwamba panga, wamantha koma wokonda nkhani. Iyeyu ndi amene anandifunsa kuti kodi amalume ako akwiyira ndani. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma ndinamva kanthu kaja kamandigwira kuseri kwa makutu, ndipo ndinadziwa kuti zayambika. Za bokosi lachitsulo ndinaziganizira, musaganize kuti ndinaiwala. Kungoti kupulupudza kuli ngati kuyetsemula, ukati ukugwire ndi pamene kumatuluka mwamphamvu.

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumunong'oneza kuti amalume ndi munthu wamkulu kwambiri kwathu, ndipo akwiya chifukwa cha mmene anthu akulandirira chakudya. Ndinati kwathu munthu akalandira chakudya kwa wamkulu ataimirira, ndi dzanja limodzi, osapereka moni, amatsegula m'mimba mpaka mwezi utatha. Mwayi wa anthu ngati ine ndi wodabwitsa: dzulo lake mnyamata wina anali atamwa madzi a padamu posambira, ndipo anali akungothamangira kuchimbudzi. Wa tsitsi lofiira uja anatuwa. Pofika nthawi ya nkhomaliro kampu yonse inali itamva, ndipo nkhaniyo inali itakula yokha, ena akuti tsitsi limathothokanso.

Pa nthawi yopuma masana ndinatsegula sukulu kuseri kwa tinyumba tija. Ndinawaphunzitsa kugwada mawondo onse awiri, kupendeketsa mutu, kuyang'ana pansi, kuwomba m'manja, n'kunena ndi kamawu kamanyazi kuti, “Mwadzuka bwanji, amalume.” Amene mukuwerenga mwaona kale chimene ndinachita. Ndinawaphunzitsa kugwada kwa amayi, kuja amagwada mtengwa watsopano popereka madzi kwa apongozi. Ndinachitira dala. Zimphona za mpira wa ragibi, za ntchafu ngati mitondo, zikupendeketsa mitu pafumbi, ine ndikuyenda pakati pawo ndi kamtengo ndikukonza: iwe tsitsa mawu, iwe wachepetsa manyazi. Ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi.

Kutacha tinakafola pa chakudya cha m'mawa. Ine ndinaima kumapeto kwenikweni kwa mzere kuti ndione bwino. Amalume anali ndi chipande m'manja, mutu pansi monga mwa masiku onse. Wa tsitsi lofiira anafika, anaika mbale pansi, n'kugwada pa simenti kuti gwa. Anapendeketsa mutu. Anawomba m'manja.

“Mwajuka bwanji, amalumi.”

Chipande chinaima m'malere. Wachiwiri anagwada, wachitatu anagwada, kenako mzere wonse unagwa ngati chimanga chokutha ndi mphepo, holo yonse mawondo okhaokha, manja akulira, aliyense akupotoza moniwo m'njira yake. Amene ankatsegula m'mimba uja anagwada mpaka chipumi kugunda pansi. Woimirira ndinatsala ndekha, chipewa chili m'kamwa, mapewa akugwedezeka. Ngati pali mphindi imene ndikanakonda kuisunga m'botolo, ndi imeneyo.

Aphunzitsi analowa ndi kapu ya khofi. Anaima. Anafunsa kuti zikuchitikazi n'zotani, ndipo zala zonse zinaloza kwa ine, anthu osayamika. Apa m'pamene ndinaona bokosi lija bwinobwino, ndi chilembo chake chodontha. Ndinali nditachita chipongwe woweruza mlandu wanga, pamaso pa mboni zodzaza holo.

Aphunzitsi sanayambe ndi ine. Anaika kapu pansi, anavula chipewa, n'kupita kwa amalume. Anawafunsa motsitsa mawu ngati anyamatawa akuwanyoza, ndipo anati ngati ndi choncho zithera pomwepo, apepesa onse, ndipo wayambitsayo athana naye ndi iwo. Pa nthawiyo ndinangoona kuti akuchedwetsa chilango changa. Lero ndimaona kuti pa anthu onse amene anali m'holomo, iwo okha ndi amene anakumbukira kufunsa mwini nkhani.

Amalume anaika chipande mumphika. Anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono. Anazungulira tebulo, nsapato zija zikuti gu, gu, gu pa simenti, n'kuima pakati pa anyamata ogwadawo. Kenako analankhula, ndipo ndinadzidzimuka, chifukwa mawu awo onse ndinali ndisanawamve kwa miyezi. Anafunsa m'Chingerezi kuti ndani wawaphunzitsa kugwada ngati akazi okapereka madzi kwa apongozi. Anati amuna satero. Ndiye anatembenukira kwa ine, m'Chichewa:

“Inu a hedimasitala, tabwerani kuno. Aonetseni ana a sukulu anuwa mmene amachitira mwamuna.”

Ndinayenda pakati pa mawondo aja ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinavula chipewa. Ndinanjuta, zidendene zili m'mwamba, chinthu chimene ndinali ndisanachite chichokereni ku Malawi. Ndinawomba m'manja, koma anati ayi, si kumpira kuno, pinda manja ngati watunga madzi. Ndinawombanso, phu, phu, phu.

“Mwadzuka bwanji, amalume?”

“Ndadzuka bwino, kaya iwe?”

Ndinati ndadzuka bwino, n'kuyamba kuimirira. Anandibweza ndi chala chimodzi.

“Ukupita kuti? Moni sunathe. Kunyumba adzuka bwanji?”

“Adzuka bwino.”

“Amayi ako? Mutu uja unasiya?”

“Unasiya.”

“Nanga mbuzi?”

“Amalume, tilibe mbuzi.”

“Ndiye zapita kuti? Wazigulitsa pa intaneti?”

Anandifunsa za nkhuku, za mvula, za msewu, za agogo amene anamwalira ndisanabadwe, ndipo funso lililonse ankalimasulira anyamata aja, iwo n'kumafa ndi phwete. Ntchafu zanga zinkayaka moto, thukuta likutsikira m'maso, ntchentche zikuchita msonkhano pamphuno, manja osaloledwa kuziingitsa. Munthu wina akanakwiya. Ine ndinanjuta pamenepo ndikusirira. Ndinali nditakhala m'nyumba imodzi ndi katswiri osadziwa.

Atandimasula, aphunzitsi anatenga mbale yawo, anabwera kutsogolo, n'kunjuta nawonso. Mawondo awo analira ngati nkhuni zouma. Anawomba m'manja molakwika, amalume anawakonza, anawombanso, ndipo amalume anawapatsa mbale ija ndi manja awiri. Kenako amalume anauza gulu lonse kuti za kutsegula m'mimbazo ndi bodza la mwana wa mlongo wawo, palibe amene akukakamizidwa, aliyense adye.

Chakudya chitatha amalume sindinawaone, ndiye ndinazemba kukasuzumira kuseri kwa khitchini kuti ndidziwe ngati akuimbira amayi pa foni ya aphunzitsi. Anali ataima pafupi ndi thanki ya madzi, atafulatira, epuloni ili kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, akundisekabe. Ndinabwerera chakumbuyo mwakachetechete, nditanyada pang'ono.

Anyamata sanasiye. Atauzidwa kuti m'mimba mwawo muli bwino ndi pamene anaikonda nkhaniyo. M'mawa uliwonse ankanjuta, kuwomba manja opinda, kulandira ndi manja awiri, ena akupikisana kuti amalume afunse za mbuzi zawo. Dzina lenileni la malume wangayo linasowa, kampu yonse inkangoti Amalume, ngakhale azibambo achizungu amene ankathandiza nawo. Madzulo ena dzuwa litapepa amalume anakumba timaenje pansi pa mtengo n'kuphunzitsa bawo, nkhomo zake tizipatso touma ta bulugamu, ndipo ankawadya anyamatawo mopanda chisoni, akuseka mpaka kutsokomola. Anatolera mapepala apulasitiki a buledi n'kumanga mpira wachikulunga, ndipo mpira weniweni wachikopa unagona pakona sabata yonse. Kukhitchini kunayamba kumveka nyimbo za kwaya, mawu a besi, zivundikiro zikuthandizira.

Panalinso kamnyamata kena kakang'ono kuposa tonse, kamene kankalira mwakabisira kufuna kwawo ndipo kanasiya kudya. Makolo dziwani kuti zimenezi zimachitika, ndipo si chifukwa chothamangira kukamutenga mwana. Aphunzitsi sanakanyengerere, sanakaseke. Anakatuma kukathandiza Amalume. Ndinawaona awiriwo pakhonde la khitchini, ndowa ya mbatata pakati, akusenda osalankhulana. Za kulira sizinatchulidwe. Tsiku lotsatira kanali pamzere ndi mbale, ndipo ndi kamene kankawomba m'manja bwino kuposa ine.

Changa chilango chinali kutsuka mapoto mpaka tsiku lobwerera, pambali pa amalume. Ndinaona kuti ndi mwayi wofufuza mlandu wanga. Ndinayamba kuwalankhula m'Chichewa, ngati chiphuphu.

“Amalume, ndiye mukakafika mukanena chiyani kwa amayi?”

“Tsuka poto.”

“Komatu anthu asangalala.”

“Kunsiko kwatsala mafuta.”

Tsiku lililonse yankho linali lomwelo. Ndinayesa kukhala mwana wabwino, Mulungu ndi mboni. Pa bwato ndinapalasa mwaulemu, pokwera zingwe ndinagwirira anzanga mokhulupirika, chifukwa mawu a aphunzitsi aja ndinawasunga. Koma tsiku loti mawa tikubwerera ndinayang'ana bulangeti la kambuku lija, limene linali lisanafundidwepo n'kamodzi komwe, ndinayang'ananso mtengo wa mbendera, ndipo zinthu ziwirizi zinkaoneka kuti zikufunana. Ndili pakati pokoka chingwe, kambuku akukwera kumwamba monyinyirika, tayi yanga ya mapemphero ili pakhosi pake, ndinamva gu, gu, gu kumbuyo. Amalume anali atanyamula kireti ya mkaka. Anayang'ana kambuku, anayang'ana ine, n'kupitiriza ulendo. Ndinati basi, ndatha. Ndinamaliza kukweza, chifukwa ntchito ukaiyamba umaimaliza.

M'basi pobwerera anyamata ankaimba, ine ndikuyang'ana misewu ya Perth ngati munthu wotsanzika. Ndinali wakuda ndi fumbi, makutu akusupuka, nsapato imodzi ya pamadzi itasowa. Izinso makolo muzidziwiretu: chimene mwamupatsa mwana wopita ku kampu mwachipereka nsembe.

Amayi anali pamalo oimika magalimoto, ali mu yunifolomu, atachokera kuntchito. Ndinatsika ndi nkhope ya mwana wamasiye imene ndinaikonzekera njira yonse. Inapita pachabe. Amayi ankayang'ana kudutsa pamutu panga. Kumbuyo kwanga amalume anali atatsegula chitseko cha katundu, akuponyera anyamata zikwama, akuitana aliyense ndi dzina limene anamupatsa, akukalipira wina kuti wasiya chipewa. Wa tsitsi lofiira anabwera akukoka bambo ake, anaponya chikwama pansi, ananjuta pa phula lotentha lija, n'kuwomba m'manja.

“Tsalani bwino, Amalume.”

Kenako kamnyamata ka mbatata kaja, kenako ena. Makolo achizungu anaima ndi makiyi m'manja akuyang'anana. Amayi anagwira chitseko cha galimoto.

Tinakwera galimoto, ine kumbuyo ndi kambuku wanga. Tinadutsa maloboti angapo. Kenako amayi anafunsa, maso ali pamsewu.

“Achimwene, nanga mwanayu?”

Amalume anandiyang'ana kumbuyoko n'kuyankha.

“Ameneyu? Sanasinthe ngakhale pang'ono, chemwali. Ndi wopulupudza kuposa mmene mukudziwira. Mukamutumiza ku Malawi akagwaditsa sukulu yonse, ansembe ndi omwe, tidzachita manyazi ndife. Msiyeni konkuno. Ndizimuona ndine.”

Amayi anangoti, “Chabwino, achimwene.” Ndipo za bokosi lachitsulo sizinamvekenso m'nyumba mwathu. Ndinamva kuti amayi aang'ono amasungiramo nyemba, dzina langa lili pamwamba.

Madzulo a tsiku limenelo makatani anali otsegula. Amalume anakhala pakhonde ndi burashi, akuchotsa m'mizere ya nsapato zija fumbi la kumapiri pamodzi ndi lofiira lakale lija. Patapita masabata angapo anayamba kudzuka m'mamawa kupita ku Welshpool, kunyumba yosungiramo katundu, ntchito yaing'ono poyerekeza ndi ya kumgodi, ndipo nsapatozo zinkafika pakhomo madzulo okha, zikununkha thukuta. Ndinaikamonso mitu ya nsomba kamodzi, kungoyesa. Anandithamangitsa mpaka kumsewu akukuwa dzina langa lonse, aneba akusuzumira, ndipo amayi anaseka kukhitchini mpaka kukhala pansi.

Ine chilimwe chonsecho ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinkauza aliyense kuti ndinapulumuka ku Malawi ndi nzeru zanga, kuti ndinachita chipongwe woweruza n'kupambana mlandu. Chimodzi chokha ndi chimene chinkandinyansa, ndipo ndinachidandaula kwa masiku: kuti mayi wanga, atandisowa sabata yathunthu, basi itafika sanayang'ane ine. Sindinkamvetsa chimene ankafuna pankhope ya mlongo wawo, kapena chifukwa chake anayendera khadi lija ndi khama lotero, kapena kuti munthu wamkulu angakabisale kuseri kwa thanki ya madzi kuti akangoseka. Ndinkadziwa ndithu, popanda kukayika, kuti pa anthu awiri amene amayi anakweza basi m'mawa uja, wopita kukakonzedwa ndinali ine.